ZA ULIMI NDI MOYO WA PA MUDZI: Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha

Mlungu uno tiyambe taleka za mbeu ndi manyowa, tikambe za kanthu kamene tonse timakaponda koma sitikayang'anitsa. Ndikunena nkhono za m'madzi.

Mwezi wathawu ndinali kuyendera minda ya chinangwa m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, kumtunda kwa Boma. Nditatha ntchito, a mfumu anandiitanira pambali, nanditulutsira chitini cha madzi m'mene munali tinkhono khumi ndi tiwiri. Anati, "Bambo Mlangizi, ana anayi m'mudzi muno akukodza magazi. A zaumoyo akuti ndi likodzo, ndipo akuti gwero lake ndi nkhono. Iti tatitola pa kasupe wathu, amene anamwa makolo athu. Ena akuti timukwirire. Nanga tikamukwirira, madzi tidzatunga kuti?"

Tinakhuthulira tinkhonoto m'mbale yoyera, tinakhala pansi ndi kutiyang'ana kamodzikamodzi. Tisanu ndi tinayi tinali topanda mlandu. Titatu tokha ndito tinali toopsa. Nditafunsa mnyamata amene anatola, anati titatuto sanatipeze potulukira madzi, koma m'thamanda la kumunsi, m'mene amayi amaviika chinangwa ndipo ana amasambira. Kasupe uja akanakwiriridwa wosalakwa, ndipo thamanda lodwalitsa ana likanatsala. N'chifukwa chake ndaganiza kuti ndikulembereni nonse kazindikiridwe ka nkhonozi.

Ulendo wa likodzo

Poyamba timvetse kuti nkhono siibadwa ndi likodzo. Likodzo ndi tinyongolotsi tokhala m'mitsempha ya magazi ya munthu, pafupi ndi chikhodzodzo kapena matumbo. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anatiwona koyamba mu 1851 ku Cairo, m'dziko la Egypt. Mu 1915 Robert Leiper, akugwira ntchito ku Egypt komweko, anatsimikiza kuti njira ya matendawa imadzera m'nkhono.

Njirayo ndi iyi. Tinyongolotsi tiikira mazira m'thupi mwa munthu, ndipo mazirawo atuluka pamodzi ndi mkodzo kapena chimbudzi. Akagwera pa nthaka youma, afa. Akagwera m'madzi, aswa tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tiyenera kupeza nkhono ya mtundu wake tsiku lomwelo. Tikapanda kuipeza, tifa. M'kati mwa nkhono kachirombo kamodzi kaswana kwa milungu 4 kufikira 6, ndipo pambuyo pake nkhonoyo iyamba kulavula tizirombo tambirimbiri tsiku ndi tsiku, makamaka dzuwa liri pamutu. Timeneto ndito tiboola khungu la munthu wosamba, wochapa, kapena wowokera mpunga ku dambo. Sikuti munthu achite kumwa madziwo kuti adwale. Kungoimamo kokha n'kokwanira.

Tsono onani: popanda munthu wodetsa madzi, nkhono iribe choipa chimene ingatipatse, ndipo popanda nkhono ya mtundu woyenera, mazira a likodzo angofa. Mwa mitundu yonse ya nkhono za m'madzi athu, yochepa yokha ndiyo ilandira tizirombo timeneti. Ndiyo imene tiyenera kuidziwa.

Katoledwe kake

Musatole nkhono ndi manja, ndipo musatume ana. Tengani sefa yakale kapena chipande, muchimangirire ku ndodo yaitali, muimirire pa mtunda. Amene ali ndi jombo avale. Pitani m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Funani kunsi kwa masamba a kakombo, pa mapesi a bango, pa masamba ogwera m'madzi, pa makoko a chinangwa, ndi pa majumbo otayidwa, pakuti nkhono zikonda kumamatira pamenepo.

Malo alionse akhale ndi chitini chake: cha potulukira madzi, cha m'thamanda, cha m'ngalande. Mukasakaniza, simudzadziwa pamene pali choopsa, monga zinachitikira kwa a mfumu aja.

Kunyumba, ikani nkhonozo m'mbale yoyera yosadyera, ndi madzi pang'ono, ndipo muzitembenuze ndi timitengo tiwiri. Musafulumire. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mwambiwu ndi woona monga unanenedwera: mukadikira pang'ono nkhono itulutsa mutu ndi nyanga zake. Pamenepo ifunseni mafunso atatu, motsatana monga ndawalembera.

Funso loyamba: Kodi iri ndi chitseko?

Ikhudzeni ndi kamtengo kuti ibwerere m'chigoba. Nkhono zina zikalowa zitseka pakamwa pa chigoba ndi kachivindikiro kolimba ngati chikhadabo. Ndicho ndikuchitcha chitseko. Kuno kwathu nkhono ya chitseko siinyamula likodzo.

Za chitseko zimene mudzaziona kawirikawiri ndi zitatu. Yoyamba ndi yaitali, yosongoka ngati nyanga ya gwape, ya mizeremizere, yokonda kukumba m'matope ndi mumchenga. M'mabuku dzina lake ndi Melanoides. Iyi ndiyo ichuluka koposa, ndipo tisanu ndi tinayi tija ta a mfumu tinali ta mtundu umenewu. Yachiwiri ndi yaikulu ngati dzira la nkhuku, yotchedwa Lanistes. Zigoba zake ndi zija ana amatola m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'madzi tinsomba tina timabisala m'zigoba zopanda mwini. Yachitatu ndi kakang'ono ngati njere ya mapira, kotchedwa Gabbiella. Chitseko chake n'chovuta kuona popanda kudekha.

Lamulo la chitsekoli ndi la kuno ku Africa. Ku China ndi ku Philippines kuli mtundu wina wa likodzo umene udzera m'kankhono ka chitseko. Koma kameneko kuno kulibe.

Ngati chitseko palibe, pitani ku funso lachiwiri.

Funso lachiwiri: Kodi ndi yophwatalala ngati nkhata?

Nkhono zambiri ziri ndi nsonga. Koma ilipo ina yopanda nsonga, imene chigoba chake chazungulira mophwatalala ngati nkhata ya amayi yosenzera mtsuko. Ikakula ifanana ndi batani la jekete, mamilimita 10 kufikira 15 m'mimba mwake, ndipo ndi yochindikala ndithu. Dzina lake ndi Biomphalaria. Iyi ndiyo inyamula likodzo la m'matumbo, limene limatsegula m'mimba mwa magazi, ndipo likakhalitsa liwononga chiwindi ndi kutupitsa kapamba ndi mimba. Ikonda madzi oyera oyenda pang'onopang'ono, osaphwa m'chilimwe: timitsinje totuluka m'akasupe, ngalande za mpunga, ndi madamu ang'ono.

Tiliponso tina tophwatalala, tochepa kuposa mamilimita 5, topyapyala ngati mamba a nsomba. Timeneti sitinyamula likodzo. Koma mwana wa Biomphalaria afanana nato kwambiri. Tsono mukapeza tating'ono, funani bwino ngati zazikulu ziripo.

Funso lachitatu: Kodi kamwa liri kumanja kapena kumanzere?

Ngati nkhono iribe chitseko koma iri ndi nsonga, iimikeni nsonga iloze kumwamba, ndipo kamwa la chigoba lipenye kwa inu. Onani mbali imene kamwalo liri.

Likakhala ku dzanja lanu lamanzere, chenjerani. Imeneyo ndi Bulinus, imene inyamula likodzo la mkodzo wa magazi. Mtundu wake wofala m'mathamanda ndi m'madambo athu ndi Bulinus globosus, wobulungira ngati nzama, wa nsonga yaifupi yobuntha, wa nyanga zoonda ngati ulusi. Mukaiphwanya ndi mwala mudzaona magazi ofiirira. Chimodzimodzi ndi ya nkhata ija. Ikonda madzi oima okhala ndi udzu ndi masamba ovunda. Thamanda likaphwa, zina zibisala m'matope kufikira mvula. Ndipo popeza nkhono imodzi iri ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, zochepa zotsala zidzazanso thamanda lonse. Titatu tija ta a mfumu tinali timeneti.

Si nkhono ya kumanzere iriyonse imene idwalitsa munthu. Ilipo ina yosalala, yonyezimira, ya nsonga yakuthwa, yotchedwa Physa, yopanda magazi ofiira, imene iribe mlandu. Koma kusiyanitsa kumeneku tiwasiyire akatswiri. Kwa ife a kumudzi, ya kumanzere yopanda chitseko tiiyese mdani. Kumbukiraninso kuti Lanistes yaikulu ija nayo kamwa lake liri kumanzere. N'chifukwa chake ndati muyambe ndi funso la chitseko.

Kamwa likakhala ku dzanja lamanja, lalikulu lotambalala, chigoba chopyapyala chosachedwa kusweka, nyanga zazifupi zophwatalala ngati makutu a mphaka, imeneyo ndi Lymnaea. Iyi siipatsa munthu likodzo, koma ndi mdani wa khola.

Kuti musaiwale, aphunzitseni ana motere: chitseko, mtendere, nkhata, matumbo, manzere, mkodzo, manja, chiwindi cha ziweto.

Nkhono ndi ziweto zathu

Ng'ombe sizichuluka kuno ku nyanja monga ku Mzimba, koma mbuzi tiri nazo, ndipo matendawa agwira ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zomwe. Ambiri mwaonapo chiwindi cholimba, cha misempha yoyera yokhuthala, ndipo mukachicheka mutuluka nyongolotsi zophwatalala ngati tsamba, zina zotalika ngati chala. Mazira ake atuluka ndi ndowe, aswera m'madzi, ndipo tizirombo take tilowa mu Lymnaea. Potuluka m'nkhono sitiboola khungu monga ta likodzo. Timamatira pa udzu wa m'madzi ndi kudikira chiweto kuti chidye. Chiweto chodwala chiwonda ngakhale msipu ulipo, chitupa kunsi kwa chibwano, mkaka uchepa, ndipo chikaphedwa chiwindi chake oyeza nyama achitaya. Ngozi ikula m'chilimwe, pamene udzu wauwisi utsala m'madambo ndi m'munsi mwa akasupe mokha. Mukapeza Lymnaea pamene ziweto zanu zimamwera, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto kuti akuuzeni mankhwala omwetsa ndi nthawi yake.

Nanga m'nyanja?

Kwa zaka zambiri anthu ankati likodzo ndi la m'madambo ndi m'mitsinje, nyanja yeniyeni iribe. Koma mu 2001 akatswiri otsogozedwa ndi Henry Madsen wa ku Denmark analengeza kuti ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, anapeza likodzo m'nkhono yotchedwa Bulinus nyassanus. Iyi ndi ya m'nyanja yathu yokha, siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Iri ndi chigoba cholimba, ndipo ikhala yokwiririka mumchenga pa malo opanda udzu, pamene munthu angayese pabwino posamba. Mdani wake ndi nsomba zodya nkhono, monga ija akatswiri amaitcha Trematocranus placodon, ya mano ophwanyira zigoba kukhosi kwake. Jay Stauffer wa ku America ndi anzake, amene anafufuza ku Cape Maclear zaka zambiri, anaona kuti pamene nsombazi zinachepa, nkhono zinachuluka. Asodzi anzanga, khoka la maso ang'ono ndi neti ya udzudzu yokokera m'mbali mwa nyanja zitha ana a nsomba zotiteteza.

Mu 2017 akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno ku Malawi anapezanso nkhono ya nkhata ija m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, kumene kale sinkadziwika. Atayeza ana a sukulu mu 2018, anapeza zizindikiro za likodzo la m'matumbo mwa mwana mmodzi pa atatu alionse. Mangochi ndi kutali, koma nyanja ndi imodzi, ndipo nkhono ingathe kuyenda pa udzu woyandama ndi pa maukonde. Tsono ife a ku Chintheche, ku Usisya ndi pa Boma pano tiziyang'ana m'magombe a madzi odikha ndi pa mathiriro a mitsinje.

Kodi nkhono zichokera pansi pa nthaka?

A mfumu anandifunsanso kuti, "Kodi tinkhonoti timatuluka ndi madzi kuchokera pansi?" Funsoli ndi lanzeru, pakuti nkhono zotere ziripodi. Kumwera kwa Germany, ku Switzerland ndi ku Austria kuli tinkhono totchedwa Bythiospeum, tokhala m'ming'alu ya miyala ya laimu m'mene madzi ayenda mumdima. Titalika mamilimita 2 kufikira 4 okha. Ndi toyera, topanda maso, ndipo tiri ndi chitseko. Ofufuza kawirikawiri apeza zigoba zokha, posefa mchenga wa potulukira kasupe mvula itagwa. Tifanana kwambiri kotero kuti akatswiri atsutsana za kuchuluka kwa mitundu yake, ndipo masiku ano amayeza za m'kati mwa thupi lake m'nyumba zopimira kuti atisiyanitse. Timeneti sitidwalitsa munthu.

Koma nkhono za likodzo si za mumdima. Chakudya chake ndi ndere ndi masamba ovunda, ndipo zimenezi zipezeka poyera, pamene dzuwa lifika. Madzi otumphuka pansi pa nthaka atuluka opanda likodzo. Choipa chiyamba pamene madziwo aima, udzu umera, ndipo munthu akodzamo kapena adzithandiza pafupi. Kasupe alibe mlandu. Mlandu uli pa thamanda, ndi pa ife.

Zoyenera kuchita

Choyamba, mangani kasupe wanu. Kumbani potulukira madzi kufikira pa nthaka yolimba, yalani miyala yoyera, mangani kabokosi ka njerwa ndi simenti kokhala ndi chivindikiro, ndipo madzi atulukire m'paipi. Kumtunda kwake kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula, ndipo tchingani mpanda kuti ziweto zisafike. Mutu umodzi susenza denga. Iyi ndi ntchito ya mudzi wonse.

Chachiwiri, madzi otayika asaime. Atsegulireni ngalande yowongoka kuti athamange, pakuti nkhono izi sizitha kumamatira m'madzi othamanga. Lambulani udzu ndi zinyalala m'ngalandemo kawirikawiri, muli pa mtunda, ndi khasu la mpini wautali, ndipo zolambulazo muziponye poyera kuti ziume. A m'minda ya mpunga ku Limphasa achite chimodzimodzi ndi ngalande zao.

Chachitatu, amayi, chinangwa cha kondowole muviike mu mgolo kapena mu mtsuko waukulu ndi madzi a pa paipi, m'malo moima m'thamanda mpaka m'maondo.

Chachinai, madzi otungidwa pa malo okayikitsa akhale masiku awiri athunthu musanasambe, pakuti tizirombo ta likodzo sitikhala moyo kupitirira pamenepo tikasowa munthu. Mukafulumira, aphitseni. Akumwa muwawiritse kapena muthiremo klorini, chifukwa cha matenda enanso.

Chachisanu, nyumba iriyonse ikhale ndi chimbudzi, chotalikira mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa kasupe, ndiponso kumunsi kwake. Ana aphunzitsidwe kukodza asanapite kosamba. Lamulo ili ndilo lalikulu koposa onse.

Chachisanu ndi chimodzi, ziweto zimwere mu chomwera chake cha simenti kapena cha mtengo wogoba, osati m'matope.

Chachisanu ndi chiwiri, wodwala apite ku chipatala. Mwana wokodza magazi sanakule ayi, monga ena amanenera, akudwala. Akalekereredwa magazi amchepera, afooka m'kalasi, ndipo chikhodzodzo ndi impso ziwonongeka. Kwa amayi likodzo liwononganso njira ya chiberekero. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene a zaumoyo amagawanso m'masukulu. Mwana adye kaye asanamwe. Koma dziwani kuti mankhwalawa apha nyongolotsi zokhwima zimene ziri m'thupi tsiku limenelo. Sateteza munthu wobwereranso m'thamanda lomwe lija.

Mau otsiriza

Chinthu chimodzi chimene maso sangakuuzeni ndi ichi: nkhono yonyamula tizirombo ndi yosanyamula zioneka chimodzimodzi, ndipo madzi okhala ndi likodzo angathe kuyera mbee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono mukapeza ya nkhata kapena ya kumanzere, musayese mwayi. Uzani a zaumoyo a m'dera lanu, muwasonyeze chitini ndi malo ake. Musathire mankhwala a mbeu m'madzi kuti muphe nkhono. Mudzapha nsomba ndi kudwalitsa anthu, ndipo nkhono zidzabweranso.

Ku mudzi kuja kasupe sanakwiriridwe. Ana anayi aja analandira mankhwala, amuna atsegula thamanda kuti madzi apite, ndipo njerwa zomangira kasupe ziri kuumbidwa. A mfumu tsopano amafunsa okha mafunso atatu aja, ndipo ndinawapeza akuphunzitsa adzukulu ao ndi zigoba zouma pa mphasa.

Ndikadzafika m'mudzi mwanu kudzaona minda, mundikonzere zitini zanu, malo alionse chitini chake, tidzaziyang'ane pamodzi. Mlungu wa mawa tidzakamba za kasankhidwe ka mbeu ya chinangwa yopanda matenda. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi,
Nkhata Bay.